Mphika Uli pa Ntchito

Chaka ndi chaka pasukulu pathu phiri limaphulika.
La makatoni, lomatidwa dothi,
soda m'mimba, viniga pakamwa,
thovu kuyenderera mpaka pansi pa desiki.
Lenileni lili pazenerapo, phiri la Zomba,
chibadwire sindinalimve likutsokomola.

Nanenso ndinalembetsa phiri.
A Chikwenga anayang'ana pepala langa,
nalitembenuza ngati kuseri kuli zina.
"Twaibu, chimakusowetsa tulo n'chiyani?"
Ndinati udzudzu. Kalasi yonse inafa ndi phwete.
"Chabwino. Nanga mayi ako?"

Sindinayankhe, koma ndinkadziwa.
Matimati.

Amakapikula kusanache,
n'kuwayala timilu pa thumba ku Mpondabwino.
Okutobala akafika, dzuwa limagula nawo osalipira.
Tsiku lachitatu khungu lakwinyika,
lachinayi ntchentche zaitana msonkhano.
Madzulo amawerenga ndalama kawiri
ngati kachiwiriko zichuluka.

Miphika iwiri ndinaipeza ku Chinamwali,
waukuluwo pa ngongole.
Wina mkati mwa unzake,
pakati pake mchenga wa mu Likangala,
madzi, ndi chiguduli chonyowa pamwamba.
Choyezera kutentha anandibwereka chili mu sokosi:
"Ukaswa, sukulu ilibe china."

Ulendo woyamba zinandikanika.
Ndinaubisa kuseri kwa chitseko kuopa ana,
matimati onse anachita chuku.
M'kope ndinalemba kuti, Zalephereka.
A Chikwenga anadula mzere pa liwulo,
nalemba lawo lofiira: Chifukwa?

Ndinayenda nalo liwulo masiku atatu
ngati kamwala mu nsapato,
kufikira ndinagwira malaya anga pachingwe,
onyowa, mphepo yotsika m'phiri ikuwapeta.
Anali ozizira kuposa madzi amene ndinachapira.
Ndinathamanga, sopo ali m'manja,
kukatulutsa mphika pakhonde.

Kunja 33. Mkati 24.
Ndinayeza m'mawa, masana, madzulo,
ndinayeza mlongo wanga akunditcha sing'anga.
Tsiku la khumi matimati anali akadali ndi nkhope.
Mayi anafinya limodzi ndi chala chachikulu,
osanena kanthu,
koma mawa lake mphika unapita kumsika pa kabaza.

Chionetsero chinali Loweruka.
Ndinalawirira kuti ndikautenge.
"Upite nawo kuti? Muli katundu."
"Oweruza akufuna kuuona."
"Abwere kuno. Agulenso."

Ndinalowa mu holo ndi kope lokha,
lothimbirira, makona opindika,
njere ya tomato itaumira pa tsamba lachisanu.
Mapiri anayi anaphulika motsatizana,
anthu kuwomba m'manja, wokolopa kung'ung'udza.
Bambo wa tayi anaima pa tebulo langa lopanda kanthu.
"Chipangizo chako chili kuti, mnyamata?"
"Chili pa ntchito, bwana."

Anaseka onse kupatula mmodzi,
mayi wa magalasi othyoka mwendo.
Anafunsa kuti mchengawo ndimathirira kangati,
ndipo ulendo woyamba chinavuta n'chiyani.
Ndinamuonetsa tsamba la chuku lija.
Anawerenga nthawi yaitali,
kenako analemba manambala anga pachikhatho.

Mphotho inapita kwa phiri lachitatu.

Lolemba ndinabweza choyezera, sokosi nditachapa.
A Chikwenga anachikankhiranso kwa ine.
"Wamaliza kodi?"

Sindinamalize.
Abiti Likaka wa mpiru, woyandikana ndi mayi,
akufunsa ngati masamba angagonemo.
Ngongole ya mphika yatsala theka.
Ndipo mitambo yayamba kuunjikana pa Chawe.
Mvula ikagwa, mpweya ukakhuta madzi,
malaya pachingwe amatha masiku awiri osauma.
Nanga mchenga wanga udzaziziranso?

M'buku lathu mulibe yankho,
ndafufuza mpaka tsamba long'ambika lakumapeto.
Ndajambula kale mizere ya Disembala m'kope.
Usiku uno ndili maso,
udzudzu ukulira pakhutu,
koma si umene wandisowetsa tulo.